Waya wa ku Mkaka

Curtis Pokorny anali ndi chizolowezi chimene chikanatopetsa ngakhale m'busa woleza mtima. Ukamufunsa kanthu, ankayamba wabwereza funso lako, kenaka n'kuyankha.

"Mwafunsa ngati ndinalamula kuti tauni ya Holvik ikhale mu mdima tsiku lonse," iye anatero, manja atawasanjika pa tebulo. "Ayi, mayi. Sindinalamule zimenezo."

Gail Rustad anamuyang'anitsitsa. Gail anali wofufuza wa komishoni ya boma lalikulu yoona za magetsi, ndipo pa ntchito yakeyo anali ataona abodza a mitundu yonse, olira ndi oseka omwe. Uyu sankalira, sankaseka. Anali bambo wojintcha, wa maso ofiira chifukwa chosowa tulo, chala chake chili mu bandeji. Anadzicheka potola magalasi a zenera la kunyumba kwake, limene anthu osadziwika analigenda dzana lake.

Kuseri kwa galasi la ofesiyo kunali chipinda chimene Curtis ankagwiramo ntchito asanamuimitse. Khoma lonse linali mapu owala a mawaya akuluakulu a zigawo zisanu ndi ziwiri. Kumeneko ndiye ku Bungwe la Mawaya, limene kwathu kuno timangoti a Bungwe. Anthu amenewa alibe mtengo wa magetsi ngakhale umodzi. Mitengo, mawaya ndi makina, zonse ndi za makampani ndi makopaletivi. Koma a Bungwe akalamula aliyense amamvera, poti a ku Washington adatero, ndipo alipo ambiri amene zimenezi zimawadya moyo.

"Tandiuzani za tsiku lija."

"Mwati ndikuuzeni za tsiku lija. Chisanu chija munachimva. Mapaipi a gasi anauma, makina opangira magetsi n'kuyamba kuzima motsatizana. Ofuna magetsi anachuluka kuposa magetsiwo. Zikatero, ukazengereza pang'ono, zigawo zonse zimagwera limodzi, ndipo kudzutsanso kwake ndi masabata. Ndiye ndinaimbira aliyense kuti achepetse katundu. Kopaletivi ya ku Holvik ndinaiuza kuti ichotse mamegawati makumi awiri."

"Mamegawati, osati tauni?"

"Taonani khoma ilo, mayi. Mundipezere Holvik."

Gail anayang'ana. Panali mizere yofiira ndi yobiriwira, manambala akuphethiraphethira, koma dzina la tauni panalibe.

"Ife matauni sitiwaona," anatero Curtis. "Ine ndimatchula kuchuluka basi. Woti azimitsidwe ndani amasankha ndi eni dera. Ndipo lamulo mukulidziwa, amazimitsa mosinthanasinthana, awa kanthawi, awo kanthawi, osapitirira ola, kuti pasapezeke nyumba yozizira mpaka kupha munthu."

Ku Holvik sanasinthe. Magetsi anazima m'mawa n'kubwera dzuwa likulowa, ndipo pamene ankabwera n'kuti bambo Orrin Fiske, nkhalamba yopumira makina, atatsirizika kale. Lyle Haugen, amene anali pa switchi ku kopaletiviko, analumbira kuti Curtis anamuimbiranso kachiwiri n'kumuuza kuti Holvik asaiyatse.

"Kachiwiri munaimbadi?"

"Mwafunsa ngati ndinaimba kachiwiri. Ee, ndinaimba. Ndinamuuza kuti apitirize kusinthanitsa. Kungoti mafoni athu ojambula mawu anali atadzaza onse, ndiye ndinaimba pa foni yanga ya m'manja. Palibe chinajambulidwa. Iye anabwereza, ine ndinatseka, monga mwa nthawi zonse."

Pa ntchito ya magetsi lamulo limayenda katatu. Wolamula amanena, wolandira amabwereza mawu onse monga wawamvera, wolamula n'kutseka ndi mawu akuti "Ndi momwemo." Popanda mawu otsekerawo palibe amene amagwira switchi. Anthu ake mwambowu unawalowa m'magazi, moti ena amauchita ngakhale pogula buledi.

"Woimira boma pa milandu wa kumeneko akuti Lolemba andimanga," Curtis anapitiriza. "Akuti ndinapha munthu chifukwa cha kusasamala. Mwana wanga wasiya sukulu, anzake akumuti mwana wa chigawenga. Ndi mawu anga ndi mawu a Lyle basi, ndipo Lyle ndi wakwawo, amapemphera naye limodzi. Inu a ku Washington mukuwadziwa anthu a ku Holvik?"

"Ndinabadwira komweko," anatero Gail.

Kwa nthawi yoyamba Curtis sanabwereze. Anangoti, "Ndiye basi, ndathera pompa."

* * *

Tsikulo linali Lachisanu. Msewu wa ku Holvik unali woongoka ngati chingwe, chipale chili mbuu mbali zonse, ndipo pafupifupi pa geti la famu iliyonse panali chikwangwani chofiira: TITULUKE M'BUNGWE. Mawa lake mamembala a kopaletivi ankavota. Chaka chatha maganizo otulukawo anagwa, ndipo anawagwetsa anali a m'tauni ya Holvik momwemo, amene ankati mutu umodzi susenza denga. Chaka chino palibe amene akanayerekeza kunena zimenezo mokweza.

Bambo Vern Dahlquist, mkulu wa kopaletivi, anamulandira ndi manja awiri. Anali mnzawo wa malemu bambo ake a Gail, munthu wamtali, wa imvi, wa mawu ngati ng'oma ya ku tchalitchi. Anayamba ntchito akukwera mitengo ya magetsi, kenaka anakhala pa switchi, mpaka anafika pa mpando wa ofesi.

"Mwana wa Rustad! Iwe, ku Washington sakukudyetsa? Khala pansi. Khofi uyu, masoseji a gwape awa, ndinapha ndekha. Ndiye akutuma udzatiphunzitse kuyatsa babu?"

"Ndabwera kudzafunsa basi, a Vern. Tsiku lija munali kuti?"

"Funsa tauni yonse! Kuholo ya tchalitchi, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndikugawa khofi ndi supu kwa anthu amene a Bungwe anawataya. Ndikanatani? Manja anga adamangidwa kalekale. Kale ine ndinkadzuka n'kuliza makina athu a malasha nthawi imene ndafuna. Lero ndiyambe ndapempha kwa tianyamata ta makompyuta, toti sitinakwerepo mtengo wa magetsi, tokhala kutali uko m'nyumba yopanda mawindo. Pa makina anga! Makina amene ndinamanga ndi manja awa!"

"Lyle munalankhula naye?"

"Kungomufunsa kuti zikuyenda bwanji. Lamulo ine sindinapereke ngakhale limodzi, si ntchito yanganso imeneyo." Anasendeza mbale ya masoseji. "Idya, iwe."

Pa tebulo panali chithunzi chachikulu cha Orrin Fiske, atachimata kale pa thabwa kuti akachiike kutsogolo pa msonkhano. A Vern ataona kuti Gail akuchiyang'ana, mawu awo anatsika.

"Tinakwera mitengo limodzi ndi ameneyu. Tsiku lina ndinagwidwa ndi waya, anandikoka ndi iyeyu." Anapukusa mutu. "Chimene sindikumvetsa, Orrin anali ndi jenereta yake, yofiira, yabwino, ndinamuperekeza ndine pokagula. Atayamba za makina opumira zija ndinamuuza kuti, 'Akulu, osadalira waya.' Kaya inakana kulira ndi chisanu, kaya. Mkazi wake Marlys sindinamufunse, ndilibe mtima umenewo."

Gail anatuluka masoseji ali m'thumba la jasi, atamukakamiza. Ankawakonda a Vern, ndipo zimenezo zinamudetsa nkhawa.

* * *

Lyle Haugen anaphunzira kalasi imodzi ndi Gail. Kusukulu ankamuti Chinkhwe, ndipo dzinalo linamukakamira mpaka ukulu, poti mutu wake unkasunga mawu a anthu monga anatulukira, koma wokha sunkapanga nkhani. Gail anamupeza m'kachipinda ka maswitchi, akutafuna mapilitsi a chilungulira.

"Chinkhwe, uli bwanji?"

"Ndilipo, Gail. Zonse ndinanena kale kupolisi."

"Undiuzenso ine. Curtis anaimba kachiwiri. Anati chiyani?"

"Anati Holvik ndisaiyatse."

"Amenewo ndi mawu ako. Ine ndikufuna mawu ake. Kapena waiwala? Ukalamba umayamba choncho."

Lyle anadzuka pa mpando ngati walumidwa. "Ine kuiwala? Zaka zonsezi pa desiki ili sindinasinthepo liwu limodzi la lamulo! Funsa aliyense. Chimene chalowa m'khutu umu ndi chimene chimatuluka pakamwa apa."

"Ndiye tulutsa."

Lyle anatsinzina, manja ali m'mbali ngati mwana wonena vesi. "'Waya wa ku Mkaka usauyatse mpaka nditakuuza. Enawo uzisinthanitsa.' Ine ndinabwereza. Iye anatseka."

"Sunadabwe?"

"Ine sindilipidwa kuti ndizidabwa." Anakhalanso pansi, maso kumbali. Pamphumi pake panali thukuta, chonsecho m'chipindamo munali mozizira. "Maliro a Orrin ndinanyamula nawo, Gail. Ukuganiza kuti ndikugona?"

Gail anatuluka atataya mtima. Lyle sanasemphanitse kanthu, ndipo mawu a munthu wotere ku khoti amalemera. Analiza galimoto n'kulunjika ku tauni, akuganiza za chala cha Curtis ndi mwana wosiya sukulu uja. Atawoloka njanji anaona bwinja la njerwa zofiira, denga litagwa, chipale chitadzaza m'mawindo. Pamenepo kale panali fakitale ya mkaka. Bambo ake ankabwera naye pamenepa ali kamtsikana, atakhala pamwamba pa zigubu, ndipo fakitaleyo idatsekedwa iye asanamalize pulayimale.

Anaponda mabuleki mwamphamvu moti galimoto inatsetsereka n'kukaima chopingasa msewu.

Naye khutu lake linali la ku Holvik, n'chifukwa chake mawu aja anangodutsa osamugunda. Anatulutsa foni n'kuimbira Curtis.

"A Pokorny, waya wa ku Mkaka uli pati?"

"Mwafunsa kuti waya wa ku Mkaka uli pati. Pepani mayi, mkaka wake uti?"

"Waya wopita ku Holvik mumautcha chiyani?"

"Sindiutcha chilichonse, ndinakuuzani kuti sindiuona. M'mabuku a kopaletivi uli ndi nambala, koma ngakhale nambalayo ndiyambe ndafufuza."

Gail anadula foni. Dzina limenelo silili pa mapu alionse. Ndi dzina limene a ku Holvik adaupatsa waya wa m'tauni mwawo chifukwa cha fakitale ija, ndipo amalidziwa ndi okhawo amene adamva fungo lake. Lyle kunama ananama, koma kupeka sakanatha. Anangotenga lamulo lenileni, monga linalowera m'khutu mwake, n'kuliveka Curtis. Ndiye kuti analamulayo anali munthu wa konkuno, ndipo anthu a konkuno amene Lyle angawamvere osafunsa sanali ambiri.

* * *

Khitchini ya mayi Marlys Fiske inali yodzaza ndi mbale za chakudya cha anansi, zina zosavundukula n'komwe. Pakona panali makina opumira aja, kapaipi kake katakulungidwa bwinobwino. Mayiwa adamuphunzitsa Gail kuwerenga, ndipo mpaka lero ankalankhula pang'onopang'ono ngati akudikira wa kumbuyo kuti amalize kulemba.

"Vula nsapato, mwanawe, pansi ndakolopa. Ndikungokolopa masiku ano, kaya ndikukolopa chiyani."

"Pepani mayi, ndikukumbutsani zowawa. Jenereta ya bambo inatani tsiku lija? Inakana kulira?"

Mayi Marlys anasalaza nsalu ya pa tebulo.

"Ija sikana. Magetsi atazima, Orrin anayang'ana wotchi n'kuseka. Anati, 'Marlys, ili ndi ola limodzi basi, akasinthanitsa. Lamulo limeneli ndalitumikira moyo wanga wonse.' Makinawa ali ndi batire, limakhalako ndithu. Ndiye kunabwera abusa, ali wefuwefu, akuti kuholo kwadzaza azimayi a makanda ochokera m'tinyumba ta malata ta kuseri kwa njanji, ndipo jenereta ya tchalitchi yafa. Sanapemphe ayi, ankangodandaula. Orrin anati, 'Tengani yangayi. Ine ndili ndi batire, magetsi abwera.'"

Gail anayang'ana makina opumira pakona paja.

"Ola linatha, lina linatha. Kababu ka batire kanayamba kuphethira. Ndinavala jasi kuti ndikaitenge jenereta ija. Nditafika ndinasuzumira mkati, ana ali mbwee pa mabenchi, makanda ali m'mabulangete. Mwanawe, miyendo inandilemera. Ndiuyambe bwanji mlomo woti zimitsani? Ndili chiimire pokoleka majasi paja, ndinaona Vern ali pa foni, atandifulatira. Zoyamba sindinazimve. Ndinangomva akuti, 'Ndi momwemo.'"

"Mukutsimikiza, mayi? Mawu amenewo?"

"Iwe, ndakhala ndi munthu wa magetsi mpaka imvi. Pa ukwati wathu abusa atamufunsa ngati akunditenga ine, Orrin anayankha kuti 'Ndi momwemo,' tchalitchi chonse kuseka. Mawu amenewo ndingawasokoneze?" Anamwetulira pang'ono, kumwetulirako n'kuzimirira. "Ndinati, 'Vern, ndi magetsi amenewo?' Anadzidzimuka. Anati, 'Tikulimbana nawo a Bungwe, Marlys, posachedwa.' Mtima wanga unakhala m'malo. Ndinabwerera chimanjamanja, ndinamuuza Orrin kuti Vern watseka lamulo, ndamva ndi makutu anga. Iye anati, 'Vern akatseka ndiye kuti zatheka. Tadikira.' Tinadikira."

"Simunawauze a Vern za batire?"

"Ndinkayesa akudziwa kuti jenereta ikulira panjayo ndi yathu. Batire litatha ndinaimbira ambulansi, koma msewu unali utatsekeka ndi chipale. Ndinati ndithamangirenso kuholo, iye anandigwira dzanja, osafuna kulisiya. Ndiye ndinakhala."

Gail anali ndi chisoni, komanso mkwiyo.

"Abusa sakugona nayo nkhani imeneyi," mayiwo anapitiriza. "Ndinawapempha kuti asauze munthu. Sindikufuna ana aja adzakule akumva kuti anafunda mpweya wa Orrin. Jenereta ikadali komweko, ndikulephera kukaitenga." Anadzutsa mutu n'kumuyang'ana Gail ngati kale m'kalasi. "Wafunsiranji za mawu a Vern?"

Mayi Marlys anali mkazi wa munthu wa magetsi, ndipo Gail anaona yankho likufika lokha pa nkhope yawo. Wolandira lamulo satseka. Amatseka ndi amene walamula.

"Koma Vern akuti sanalamule kanthu tsiku lija," anatero mayiwo motsitsa. "Ndipo magetsi sanabwere."

* * *

Loweruka masana holo ya tchalitchi inadzaza mpaka pakhomo. Mapikapu anali ndandanda mpaka kumanda, mkati muli fungo la khofi ndi majasi onyowa. Chithunzi cha Orrin chinali kutsogolo, pafupi ndi bokosi la mavoti. Anthu ena atamuona Gail anayang'ana kumbali, ndipo bambo wina anafuula kuti, "Wa ku Washington, wabwera kudzateteza mnzako wakupha uja?"

Gail anawapeza a Vern akukonza tayi. "Tilankhule pang'ono, a Vern. Pokoleka majasi paja."

"Mwana wa Rustad, anthu akundidikira."

"Sitichedwa."

M'kachipindamo munali Lyle, atatsamira khoma, nkhope ili mbuu. Wapolisi amene Gail anamupempha kuti abwere anaima panja pa chitseko, ngati akungodikira mkazi wake.

"Chinkhwe, bwereza lamulo lija."

Lyle anayang'ana abwana ake, kenaka pansi. "'Waya wa ku Mkaka usauyatse mpaka nditakuuza. Enawo uzisinthanitsa.'"

"Curtis Pokorny sanapondepo ku Holvik," anatero Gail. "Dzina limenelo waliphunzira kuti?"

A Vern anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma. "Zimenezi ndiye wabwera nazo kuchokera ku Washington? Lyle wangosintha dzina kuti umve msanga. Eti, Lyle?"

Lyle anatsegula pakamwa n'kutsekanso. Kuvomera kunali kunena kuti adasinthapo liwu la lamulo, ndipo chimenecho chinali chinthu chokhacho chimene ankanyadira pa moyo wake wonse.

"Munati simunalamule kanthu tsiku lija," Gail anapitiriza. "Koma munthu anakumvani pompano, pamene mwaimapo, mukutseka lamulo pa foni."

"Ndani ameneyo?"

"Munkafuna kuti a m'tauni alawe mdima, kuti chaka chino asakugwetseninso pa voti. Tsiku limodzi lozizira, mlandu n'kugwera a Bungwe. Ndikunama?"

"Tamvera, iwe." Mawu a Vern anasanduka a munthu wina. "Ndinakunyamula uli khanda. Umboni ulibe, uli ndi nthano za mkaka basi. Ukatuluka muno n'kukanena zimenezo, anthu awa akudya wamoyo. Ndipo usandiveke imfa ya Orrin! Orrin anali ndi jenereta. Aliyense wodwala m'tauni muno ndinkamudziwa, ndinawawerenga mmodzimmodzi, aliyense anali ndi pothawira. Ndine chitsiru ine?"

Anazindikira mochedwa chimene ananena. Lyle anabisa nkhope m'manja.

Gail anakankha chitseko chakuseri, mphepo yozizira n'kulowa. Panja, pafupi ndi khoma, panali chinthu chofunditsidwa lona, chingwe chake chikulowera pa windo la kukhitchini. Anagwira lonayo n'kuikoka.

Jenereta yofiira. Pa thanki pake panali zilembo za penti yoyera, zopendekeka, dzanja la munthu wozolowera kulemba pa mitengo ya magetsi: O. FISKE.

"Ya tchalitchi inafa m'mawa womwewo," anatero Gail. "A Orrin anapereka yawo, poti ankadziwa kuti lamulo limati ola limodzi. Ankakhulupirira lamulo, ndipo ankakhulupirira inu. Khofi amene munkagawa tsiku lonse lija anawira ndi iyi."

A Vern anatuluka panja osavala jasi. Anayenda ngati munthu woponda pa madzi oundana, n'kukagwada m'chipale. Anayala dzanja pa thanki, pa zilembo zija, n'kuzisisita ndi chala chachikulu. Mkati mwa holo munthu wina ankayesa maikolofoni, akuitana kuti a Dahlquist abwere kutsogolo.

"Ndinaimva ikulira," anatero a Vern, mawu ali pansipansi. "Tsiku lonse ndinkaimva. Sindinatuluke kudzaiona."

"Lolemba akumanga munthu wosalakwa, a Vern."

Iwo anangokhala chogwada. Gail anaona msana wawo ukugwedezeka, koma pakamwa panali potseka, ndipo mantha anamugwira kuti mwina atha kudzuka, kusasa maondo, n'kukalankhula ku maikolofoni kuja ngati palibe chachitika. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo mkhate wake unali tauni yonse.

Anali Lyle amene anasuntha. Anabwera n'kuima pakhomo, manja m'mbali, misozi ikutsikira m'ndevu. Analankhula ndi mawu a pa ntchito, omveka bwino, kuti ndi wapolisi yemwe amve.

"Bwana, ndikubwereza lamulo lanu la tsiku lija. Munati waya wa ku Mkaka ndisauyatse mpaka mutandiuza, enawo ndizisinthanitsa. Madzulo ake munati ndikanene kuti anatero ndi a Bungwe."

Kenaka anadikira, monga anadikirira moyo wake wonse.

A Vern anatembenuka. Kumbuyo kwa Lyle, pakati pa majasi, panaima mayi Marlys, chikwama chili m'manja. Palibe amene anawaona akulowa. Sanalire, sanatukwane. Ankangowayang'ana a Vern, nawonso akudikira.

"Ndi momwemo," anatero a Vern.

Mayi Marlys anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Analowa mu holo, anthu akuwapatukira, anakafika kutsogolo n'kuchotsa chithunzi cha mwamuna wawo pafupi ndi bokosi la mavoti. Anachikumbatira pachifuwa n'kubwerera nacho. Atafika pa Gail anaima.

"Ukamuimbire bambo wa ku Bungwe uja, mwanawe. Ndamva kuti mwana wake wasiya sukulu, umuuze kuti apite Lolemba," anatero. "Ukatero undipezere anyamata awiri andinyamulire jenereta ya Orrin. Ndikupita nayo kunyumba."